Mpweya Wotentha wa Kuseri kwa Nsanja

Rute ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga, choncho ndikamunena musati ndi miseche. Msuweni timamunena ali pomwepo. Tinabadwa chaka chimodzi, tinakwatiwa motsatizana, ndipo amuna athu anatisiya tonse awiri: wanga anapita kumanda, wake anapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu n'kuiwala njira yobwerera. Ine ndine Martina, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Mitundu. Mudzi wathu ndi wa kwawo kwa Rute inangolekanitsidwa ndi dambo, m'mbali mwa msewu wafumbi wolowera ku Nathenje.

Rute anali ndi munda umodzi, wa pachitunda, umene anamusiyira amayi ake. Sunali munda woti n'kunyadira pagulu, miyala inalimo yambiri, koma unkamupatsa chimanga chofika nacho mu Januwale, mtedza, ndi maungu odyetsa ana ake awiri. Kwathu kuno munda ndi wa mkazi. Mwamuna amaupeza akabwera pa chikamwini, ndipo mlongo ntchito yake ndi kungoyang'anira kuti wina asasunthe malire. Mlongo wa Rute ndi a Gilibati, amene anamusiya ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Iwowo ndiwo anali mwinimbumba, kunena kuti woteteza alongo ake ndi minda yawo.

Inali nthawi ya matipate, chisankho chachiwiri chitangodutsa kumene, pamene mawu oti ufulu ndi chitukuko ankatuluka m'kamwa mwa aliyense ngati malovu. A Gilibati anali ndi malaya a zipani zitatu ndipo ankavala malinga ndi galimoto imene yafika. Tsiku lina kunafika galimoto yosakhala ya chipani. Anali anthu a kampani ya mafoni, akufuna malo okwera oti aimikepo nsanja. Atafika pachitunda paja anafunsa kuti mwini malo ndani, ndipo a Gilibati anasasa fumbi la pa buluku n'kupita kutsogolo. Rute tsiku limenelo anali ku chigayo.

Pobwera anapeza zikhomo zofiira zitakhomedwa pakati pa mtedza wake. Ine ndinalipo pamene anakawapeza a Gilibati pakhonde.

"Achimwene, munda wa amayi mwagulitsa?"

"Sindinagulitse, ndabwereketsa. Chitukuko chimenechi, iwe Rute. Ukufuna tizingokhala kumbuyo mpaka liti?"

"Nanga ine ndikalima kuti?"

"Mkazi wopanda mwamuna, munda wonsewu ndi wa chiyani?"

Rute anawayang'ana, n'kumanganso nsalu yake, n'kutembenuka. Mawu ake omaliza kwa mlongo wake anali amenewo, ndipo panadutsa zaka zisanu ndi zinayi asanawalankhulenso. A Gilibati anapatsidwa ntchito ya ulonda pa nsanjapo, ndi yunifomu, jombo ndi tochi. Rute anatsala ndi kachidutswa ka kuseri kwa mpanda, kosakwana ndi mizere makumi awiri yomwe.

Anthu awiri a bere limodzi, okhala nyumba zoyang'anizana, sangathe kukhala osauzana kanthu. Mbuzi imalowa m'munda, maliro amagwa, denga limadontha. Ndiye lamya yawo ndinali ine. "Martina, ukawauze asuweni ako kuti mbuzi yawo yadya chinangwa changa." "Mkazi wanga Martina, ukamuuze mnzakoyo kuti mbuzi siwerenga malire." A Gilibati amanditchula kuti mkazi wawo, monga mwa chisuweni. Poyamba zinkandiseketsa. Ndinkadutsa dambo ndi mawu a wina, n'kuwachotsa minga panjira, n'kukawapereka atafewa.

Nsanja inakwera, yofiira ndi yoyera, yooneka ngakhale uli ku Bunda. Pansi pake anaikapo kontena yachitsulo yopanda zenera, ndi jenereta yolira usana ndi usiku chifukwa magetsi sanafike kumeneko. M'mudzi monse munalibe munthu ndi mmodzi yemwe wa foni. Chitukuko chathu chinali phokoso, fungo la dizilo, ndi a Gilibati atakhala pa mpando pageti ngati nduna. Kuseri kwa kontena, kufupi ndi waya wa mpanda, kunali makina awiri opemerera mpweya wotentha panja, molunjika pa kachidutswa ka Rute. Mizere iwiri yoyandikana nawo chimanga chinkangopserera masamba. Rute ankati alanda munda, tsopano akuwotcha ndi chotsala chomwe.

Ndiye kunabwera njala ya 2002. Sindifuna kuikamba kwambiri, amene analipo akuidziwa. Mu Febuluwale Rute anazinga thadzi lake lomaliza kuti ana alaweko kanthu, ndipo anapiye asanu ndi awiri anatsala amasiye, mvula ili wa wa wa. Iye anangowasiya kuti afe okha, analibe mphamvu yowalirira. Patapita masiku atatu akukazula bonongwe kuseri kwa mpanda, anawapeza onse asanu ndi awiri ataunjikana m'munsi mwa waya, pamene mpweya uja unkawomba, nthenga zili gwa, akujompha chiswe. Sanafe ndi mmodzi yemwe.

Rute si munthu wa sukulu, anasiyira sitandade 4, koma maso ali nawo. Njala itatha anaumba njerwa, n'kumanga kakhola ka makoma atatu. Mbali yachinayi anaisiya yotsegula, yotsamira waya, kuti mpweya uzilowa. Pamwamba anafolera udzu, pa khomo la kutsogolo anapachika masaka oti azikweza ndi kutsitsa. Kenako anakwera minibasi kupita ku Lilongwe n'kubwera ndi katoni ya anapiye a chizungu, a tsiku limodzi, makumi asanu.

Amene anawetapo nkhuku zoyerazi akudziwa kuti masabata awiri oyamba ndiwo amapha. Mwanapiye wopanda make amafuna moto. Ena onse ankagula makala a ku Dzalanyama, kusonkha mbaula, kudzuka kawiri katatu kukaonjezera, ndipo utsi unkawaphera ena, moto ukazima chisanu n'kumaliza otsala. Rute analibe mbaula. Ankangolowetsa chigongono m'khola monga timayesera madzi osambitsa khanda. Anapiye akaunjikana ku waya, ankatsitsa thumba. Akathawira ku khoma ali kukamwa yasa, ankakweza. Mwa makumi asanu aja anataya awiri okha. Pofika chaka chachitatu, pa Mitundu palibe amene ankamutchulanso Rute. Anali Mayi Anapiye, ndipo a malesitilanti ankamutsatira mpaka kumudzi.

Ine ndinkamuseka kuti wakwatiwa ndi kontena. Iye ankati, "Iyi ndiye mbambande ya mwamuna, asuweni. Safuna ndiwo, samenya, ndipo amafunditsa chaka chonse."

Munthu amene ankabwera kudzakonza makinawo anali a Mfaume, bambo wa ndevu zosamalika, wa ku banja lina la Chisilamu la masitolo pa Nathenje. Anali munthu waulemu kwambiri. Khola lija analiona tsiku loyamba ndipo sanakanene ku ofesi. Mwezi ndi mwezi ankagula nkhuku ziwiri zamoyo kuti akazinge okha kwawo. Tsiku lina Rute anawafunsa kuti moto umenewu umachokera kuti, popeza nkhuni sakuziona.

"M'katimu muli maampulifaya, mayi, ngati a zokuzira mawu za kutchalitchi, koma awa amakankha mawu a pa foni kuti afike kutali. Vuto lake ndi osusuka. Zili ngati mwatunga ndowa khumi kupita nazo ku dimba, koma pa mbewu n'kufikapo imodzi, mwina ziwiri. Zinazo zatayikira m'njira. Magetsi otayikawo ndi amene amasanduka kutentha. Ndiye timayatsanso makina ena oti atulutse kutenthako panja, nawonso amamwa dizilo wawo."

"Ndiye kuti ine ndikudya zotaya?"

"Zotaya zenizeni, mayi. Mabwana athu zimawapweteka mutu."

"Asamadandaule," anatero Rute. "Zotaya za olemera zimanona."

Nkhuku zinaphunzitsa mwana wake wamwamuna mpaka fomu 4, zinakwatitsa wamkazi, zinagula mbuzi zisanu. Koma Rute mtima wake sunali pa nkhuku. Ankafuna munda. Ankati munthu wopanda polima ndi mlendo ngakhale pamudzi pamene anakwirira mchombo wake. Mu 2009 kunapezeka mwayi. Bambo wina wa kutsidya kwa dambo ankasamukira kwa ana ake ku Mchinji ndipo ankafuna woti amusiyire dimba lake, la dothi lakuda, la chitsime chosaphwa. Anamuuza Rute kuti amudikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti, kupitirira apo apereka kwa wina. Rute anawerengetsa masabata pa zala. Akaika anapiye mu Juni, akhala atakula nthawi ya maukwati, anthu ali ndi ndalama za fodya m'thumba. Anaganiza zoika mazana atatu nthawi imodzi, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo anakulitsa khola.

Apa ndiye pamene ine ndikulowa, ndipo ndinena monga zinalili. Mu Epulo chaka chimenecho a Gilibati ananditumizira mwana kuti ndibwere msanga. Ndinasiya tomato wanga pa benchi, ndinadutsa dambo madzi ali m'mawondo, ndikuganiza kuti kwagwa zovuta. Ndinawapeza ali pageti, Rute ali kuseri kwa mpanda akusesa m'khola, pamtunda woti ukhoza kuponya chitsononkho n'kumugenda.

"Mkazi wanga, ukamuuze mnzakoyo kuti zitosi za nkhuku zake zikununkha mpaka pageti pano."

Ndinakuwa kuti onse awiri amve. "Zaka zisanu ndi zinayi ine ndili pa msewu ngati galu wa alenje! Nsanja yonseyi ikunyamula mawu a anthu a ku Joni, inu awiri mukulephera kuponyerana mawu pa waya? Kuyambira lero ndasiya. Pakamwa muli napo nonse." Ndinabwerera kwathu ndikudzimva kuti ndachita chamuna. Ndinkati mwina akasowa mthenga adzakakamizika kulankhulana.

Zimene zinachitika kumayambiriro kwa Juni ndinazimva pambuyo pake. A Mfaume anabwera tsiku la msika, Rute kulibe. Anawauza a Gilibati kuti pakatha masabata awiri, Lachinayi, abwera ndi anzawo kudzachotsa maampulifaya akale n'kuika atsopano, ndipo makina opemerera mpweya aja adzazimitsidwa osayatsidwanso. Anawapempha kuti akawauze alongo awo asaike anapiye ena, kapena akonzeretu mbaula. A Mfaume anachita monga munthu woleredwa bwino amachitira. Nkhani yaikulu yokhudza mkazi wopanda mwamuna sumangomuuza panjira, umaipereka kwa mwinimbumba. Zaka zonse zija ankaona mlongo pageti, mlongo kuseri, n'kumati ndi banja logwirizana. Ndani akanawauza kuti anthuwa sapatsana ndi moni womwe?

A Gilibati anausunga uthengawo. Anaona Rute akutsogoza mbuzi zake zisanu kupita nazo ku msika. Anamuona Lachiwiri akutsika pa njinga ya kabaza ndi makatoni atatu olira. Anangokhala pa mpando wawo.

Lachinayi m'mawa kunabwera uthenga woti amayi aang'ono a Rute ndi a Gilibati, amene anatengedwa pa chitengwa ku Nathenje, atisiya. Kwa ine anali azakhali. Maliro otere sutumiza chipepeso, umapita ndi kukagona komweko. Ndinamupeza Rute akudzaza madzi m'zomwera zonse, akuthira chakudya cha masiku awiri. Anali atawasiyapo anapiye usiku umodzi kangapo konse, osavuta. Analowetsa chigongono, n'kutsitsa masaka onse chifukwa cha mphepo ya mu Juni, n'kuwapsinja ndi mwala pa khomo.

"Mwamuna wanga awasamala," anatero, akusisita waya.

A Gilibati anatsala pang'ono kuti apereke makiyi kwa mlonda wogwirizira amene kampani inatumiza, kenako anatipeza ku Nathenje dzuwa lili pamutu.

Pa maliro amuna amakhala kwawo, akazi kwawo. A Gilibati anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi akuluakulu anzawo. Ife tinali pa ntchito yotunga madzi ku mjigo, ndipo njira yake inkadutsa pafupi ndi mtengowo. Ndinawaona kuti sakukhazikika. Ankaimirira, n'kukhala, n'kuyang'ana dzuwa. Chakumasana ndithu anandikodola.

"Martina, tabwera kuno pang'ono."

Sananene kuti mkazi wanga. Ndikanazindikira pomwepo kuti zinthu sizili bwino.

"Ngati ndi za Rute, uyo akubwera apoyo ndi ndowa."

"Tamvera kaye. Ndi nkhani ya ku nsanja, ya khola lija."

"Zitosi zayambanso kununkha? Pa maliro pano, asuweni, manyazi mulibe? Ndinanena kale kuti ndinasiya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita, amayi ena akuseka chapansipansi kuti ndawayankha bwino. A Gilibati anapita kukaima m'mphepete mwa njira ya ku mjigo, manja kumbuyo. Rute anawadutsa katatu. Katatu konse iwo anatsokomola, ndipo katatu konse iye anayang'ana kumbali. Pamenepo n'kuti kudakali nthawi. Munthu wa njinga akanafika kumudzi dzuwa lisanalowe, n'kusonkha mbaula ziwiri.

Tinagona pa siwa, ndipo chisanu cha tsiku limenelo aliyense anachidandaula m'mawa mwake. Tinaika maliro masana. Ine ndi Rute tinakwera lole ya fodya imene inatitsitsa pa mphambano, n'kuyamba kukwera chitunda wapansi. Tili pakati pa njira Rute anaima.

"Martina, ukumva?"

"Sindikumva kanthu."

"N'chimene ndikunena."

Zaka zisanu ndi zinayi tinazolowera kulira kwa makina aja mpaka tinasiya kukumva. Tsopano kunali zii, moti tinkamva njiwa za kudambo. Rute anataya kachikwama kake n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo.

Atakweza thumba sanakuwe. Anapiye akazizidwa amathamangira kumene anazolowera kupeza moto, n'kukwerana pamwamba. Onse anali ataunjikana ku waya, mulu wofika m'bondo, achikasu, ouma. Apansi anafa ndi kupsinjika, apamwamba anafa ndi chisanu. Amene ankagwedezabe mutu sanakwane ndi khumi omwe. Madzi anali odzaza m'zomwera monga anawasiyira. Rute analowetsa chigongono pa waya, mwachizolowezi, n'kuchisiya pomwepo nthawi yaitali.

A Mfaume anali adakali pa ntchito, tsiku lachiwiri, akumanga zingwe. Atationa anatuluka pageti akumwetulira, akupukuta manja, kubwera kudzatipepesa za maliro. Atasuzumira m'kholamo anavula chipewa.

"Mayi! Kodi uthenga sunakupezeni? Ndinawauza achimwene anu masabata awiri apitawo. Dzulo nditaona masaka ali otseka ndinati mwasamutsa."

Rute anafunsa motsitsa mawu, ngati akufunsa mtengo wa mchere. "Mpweya uja mwapita nawo kuti?"

"Sitinapite nawo kulikonse, mayi. Sukupangikanso." Analoza pamwamba pa nsanja, pamene panali timabokosi totuwa tangati masutikesi a ana a sukulu. "Maampulifaya atsopano ndi amenewo. M'kati mwake muli mwala wina wopanga anthu, amautcha galiyamu naitiraidi. Umapirira moto, ndipo sutaya magetsi ngati akale aja. Pa ndowa khumi zija, pafupifupi theka likufika pa mbewu. Kutentha kotsalako n'kochepa, mphepo ya m'mwambamo ikuchotsa yokha. Jenereta izingolira maola ochepa kudzaza mabatire." Anayamba ndi mawu onyadira ntchito yawo, koma pomaliza ankachita ngati akuulula mlandu. "Ndi chinthu chabwino, mayi. Dizilo apulumuka wambiri, utsi uchepa. Ine ndimati ndi chinthu chabwino."

Ndipo sankanama. Ndicho chimandiwawa mpaka lero, kuti palibe pamene ndingawaloze chala a Mfaume kapena timabokosi tawo. Anthu ophunzira anakhala pansi kutsidya kwa nyanja n'kupeza njira yoti asamataye, ndipo anachita bwino. Sankadziwa kuti pansi pa thebulo lawo pali munthu amene akutola nyenyeswa.

A Gilibati anafika pa njinga ife tidakali chiimire. Anaitsamiritsa pa waya, n'kuyang'ana mulu uja, n'kuyang'ana jombo zawo. Rute anadzuka, nsalu ili fumbi lokhalokha.

"Achimwene, munadziwa?"

Mawu oyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. A Gilibati anachita ngati awamenya mbama.

"Ndinadziwa."

"Pamene ndinkapita ndi mbuzi ku msika, munadziwa?"

"Ndimadikira undipatse moni, Rute. Wamkulu ndine. Kodi wamkulu ndi amene amayamba? Dzulo ndinaima panjira, unandidutsa katatu. Ukanangoti mwaswera bwanji, ine ndikanakuuza zonse."

Atanena zimenezo anandiyang'ana ine. Ndinadikira kuti anene kuti ndinamuitana Martina, anakana. Sananene. Anabweza maso awo ku jombo.

Rute anagwada pansi, mawondo onse awiri, pafupi ndi anapiye ake, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse umene anatiphunzitsa anamkungwi.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

A Mfaume anatembenukira kumbali. Rute anakhala chigwadire mpaka ine ndinamudzutsa.

Tinakumba dzenje pa kachidutswa kaja n'kukwirira anapiye, tikuchita kuwatuta ndi madengu. Otsala aja anafa m'masiku awiri. Sabata yotsatira a Mfaume anabwera ndi mbaula yatsopano ndi thumba la makala, zogula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Rute anawathokoza bwinobwino, koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo mbaula yopanda anapiye ndi yowotchera mbatata basi. Mbuzi zinali zitapita. Ogasiti anatha, dimba lija anatenga mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndipo lero mukagula kabichi wamkulu pa Mitundu mwina ndi wa pamenepo. Chaka chotsatira Rute anayesa anapiye makumi atatu ndi mbaula, monga wina aliyense, ndipo anafa monga amafera a wina aliyense. Anasiya.

Tsopano amalima ganyu m'minda ya anthu, ndipo masiku a msika amandithandiza kuunjika tomato. Dzina loti Mayi Anapiye linamukanirira, moti ana obadwa dzana amamutchula choncho osadziwa kuti linachokera pati. Mafoni anadzaza m'mudzi, ngakhale ine ndili nayo, ndipo netiweki pachitunda paja ndi yodzaza, sitikwera pa chulu ngati anzathu a kutali. A Gilibati adakali pageti. Rute amawapatsa moni tsiku lililonse, m'mawa ndi masana, mokweza, ndipo sawonjezera liwu lina. Iwo akamuona akubwera amalowa m'kanyumba ka mlonda.

Za pansi pa mango paja a Gilibati sanauzepo munthu. Kaya akunditeteza monga msuweni, kaya akusunga kuti adzandilase nazo tsiku lina, sindidziwa, ndipo ndimadana nawo pa zonse ziwiri. Amayi amene anaseka tsiku lija anamva yankho langa lokha, funso sanalimve. Ndayesa kangapo kumuuza Rute. Ndimakonza mawu ndili pa dambo, ndikafika pakhomo pake n'kuyamba kukamba za mtengo wa anyezi.

Mwezi wathawu tinali pa benchi, msika utazilala, tikusankha tomato wophwanyika woti tikadyere kunyumba. Rute anangoyamba yekha, osandiyang'ana.

"Ukudziwa, Martina, chimene chimandipweteka si anapiye ayi. N'chakuti munthu anakhala masabata awiri ndi mawu m'kamwa. Akanangokuuza iwe. Iwe ukanamva, ukanasiya ndowa pomwepo n'kuthamanga wapansi mpaka kumudzi. Ndimakudziwa ine. M'bale wanga amene ndatsala naye ndiwe wekha."

Anasankha tomato wabwino, wosaphwanyika, n'kumuika m'jumbo langa.

"Eya," ndinatero ine.